Maliro a Kutali Ndi Athu Omwe

Phunziro la m'Miphakati: kulira pamodzi ndi anthu a ku Palestine ndi ku Lebanon



Kuno kwathu ukaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu, sufunsanso kuti kwagwanji. Wa galimoto amachepetsa liwiro, wa njinga amatsika n'kumaikankha, wa chipewa amavula. Kawirikawiri womwalirayo sitimudziwa n'komwe, mpingo wake kapena mtundu wake sitiudziwa, koma timapereka ulemu ndithu. Makolo adati maliro n'kulirana, ndipo ngakhale m'tauni muno, momwe aliyense ali kalikiliki ndi zake, munthu wosakhuza maliro a anzake amadziwika msanga.

Phunziro la sabata ino likufunsa ngati mwambo womwewu ungafike ku maliro amene timangowamva pa wailesi ndi kuwaona pa foni, maliro a anthu a ku Palestine ndi ku Lebanon amene aferedwa chifukwa cha nkhondo. Mpingo ukuti inde ungafike, ndipo tiona chifukwa chake ndi m'mene tingachitire. Tiyambe n'kumva uthenga wa maliro, pakuti munthu sakhuza maliro amene sadawamve.

Uthenga wa maliro

Gaza ndi kachigawo kakang'ono ka m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. M'litali mwake ndi makilomita 41 okha, mtunda wosafika wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, koma mumakhala anthu oposa 2 miliyoni. Ambiri mwa iwo ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene adathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo pa nkhondo ya 1948, pamene dziko la Israel la masiku ano lidakhazikitsidwa ndipo Apalestina pafupifupi 700,000 adasiya kwawo. Nthawi imeneyo Ayuda nawonso adali atangotuluka m'chisautso choopsa cha ku Ulaya, kumene anthu awo 6 miliyoni adaphedwa ndi boma la Hitler. Kuyambira pamenepo mitundu iwiriyi, uliwonse ndi mabala ake, yakhala ikulimbirana dziko limodzi.

Pa 7 Okutobala 2023 gulu la Hamas lidalowa m'dziko la Israel, n'kupha anthu pafupifupi 1,200, ambiri mwa iwo anthu wamba, ndi kugwira ena pafupifupi 250 n'kupita nawo ku Gaza. Pakati pa amene adataya moyo padali anyamata awiri a ku Tanzania amene adapita kukaphunzira zaulimi. Israel idabwezera ndi nkhondo yoopsa ya zaka ziwiri. Pofika mu Julaye 2025, unduna wa zaumoyo wa ku Gaza udali utawerenga anthu ophedwa oposa 60,000, ndipo pakati pawo padali ana ndi amayi masauzande ambiri. Bungwe la United Nations lidati anthu 9 mwa 10 aliwonse adathawa m'nyumba zawo, ena kangapo konse. Mu Ogasiti 2025 akatswiri oona za chakudya ogwira ntchito ndi bungweli adalengeza kuti mumzinda wa Gaza mwagwa njala yakupha. Pangano loleka kumenyana lidayamba kugwira ntchito pa 10 Okutobala 2025, komabe anthu adapitirira kufa, ndipo mitembo yambiri idatsalira pansi pa nyumba zogumuka, osaikidwa m'manda.

Ku Lebanon, dziko lochita malire ndi Israel chakumpoto, gulu la Hezbollah lidayamba kuponya mizinga ku Israel pa 8 Okutobala 2023, ndipo anthu pafupifupi 60,000 a kumpoto kwa Israel adasamuka m'makwawo. Mu Seputembala 2024 nkhondoyi idakula. Pa 23 Seputembala pokha mabomba a Israel adapha anthu oposa 500 ku Lebanon. Anthu oposa 1 miliyoni adathawa, ena n'kumagona m'masukulu ndi m'mbali mwa misewu ya mzinda wa Beirut. Pamene mbali ziwirizi zinkagwirizana zoleka kumenyana pa 27 Novembala 2024, anthu pafupifupi 4,000 adali atafa. Dzikoli lidali lisanapole mabala a nkhondo yapachiweniweni ya 1975 mpaka 1990, ndi a kuphulika kwa padoko la Beirut pa 4 Ogasiti 2020, kumene kudapha anthu oposa 200.

Manambala aakulu chonchi mtima umalephera kuwagwira. Tiyeni tsono tiyang'ane malo amodzi amene tonse tingawamvetse.

Parishi ngati yathuyi

M'Gaza monse muli parishi imodzi yokha ya Katolika, parishi ya Banja Loyera. Akhristu a kumeneko amasunga mbiri yakale yakuti Yosefe, Maria ndi mwana Yesu adadzera kwawoko pothawira ku Ejipito. Nkhondo isanayambe akhristu onse a ku Gaza adalipo pafupifupi 1,000, ndipo Akatolika adali osafika 150, ochepa kuposa amene amabwera ku Misa imodzi ya m'mawa kuno kwathu. Bambo Mfumu wake ndi Bambo Gabriel Romanelli, ochokera ku Argentina. Mumpanda wa parishiyi muli sukulu ndiponso nyumba ya asisteri a Mayi Teresa, amene amasamala olumala.

Nkhondo itayamba, anthu oposa 500 adathawira mumpandamo, n'kumagona m'makalasi. Misa ndi Kolona sizidalekeke, ndipo chakudya chimene parishi inkalandira inkagawana ndi mabanja achisilamu oyandikana nawo. Koma mpanda wa tchalitchi sudawateteze ku imfa. Pa 19 Okutobala 2023 bomba lidagwetsa nyumba ya mumpanda wa tchalitchi cha anzathu a Orthodox cha Porphyrius Woyera, mumzinda womwewo, n'kupha anthu 18, ena mwa iwo ana aang'ono. Pa 16 Disembala 2023 mayi wina wachikulire ndi mwana wake wamkazi adaomberedwa mumpanda wa parishi ya Banja Loyera. Likulu la Mpingo ku Yerusalemu lidati adawaombera ndi msilikali wa Israel, ndi kuti mmodzi adafa pamene ankayesa kunyamula mnzakeyo. Asilikali a Israel adakana kuti adalinga anthu wamba. Pa 17 Julaye 2025 bomba lidagunda tchalitchi chenichenicho pafupi ndi mtanda wa padenga. Anthu atatu adafa, ndipo Bambo Romanelli adavulala mwendo. Boma la Israel lidati bombalo lidasokera.

M'mawa mwake Kadinala Pierbattista Pizzaballa, mbusa wa parishiyi ku Yerusalemu, adalowa m'Gaza pamodzi ndi Theophilos III, mtsogoleri wa a Orthodox. M'chilankhulo chathu tingati adapita kukakhuza maliro. Kadinala yemweyu ndiye amene mu Okutobala 2023 adanena poyera kuti ngwokonzeka kudzipereka m'manja mwa Hamas kuti ana a ku Israel amene adagwidwa amasulidwe. Iye sadasankhe ana oti awalire.

Papa Francis nawo ankaimba foni ku parishiyi pafupifupi madzulo aliwonse, ngakhale pamene adali atagonekedwa m'chipatala kumayambiriro kwa 2025. Mafunso awo adali a panyumba: mwaswera bwanji, mwadya chiyani, ana ali bwanji. Foni sinkaletsa bomba, koma anthuwo ankagona akudziwa kuti sadaiwalike. Pa uthenga wawo wotsiriza wa Pasaka pa 20 Epulo 2025, kutatsala tsiku limodzi kuti amwalire, Apapa adatchulanso akhristu a ku Gaza, napempha kuti kumenyana kuleke, ogwidwa amasulidwe ndipo anjala athandizidwe. Mu uthenga womwewo adadandaula ndi kukula kwa chidani pa Ayuda.

Lebanon, dziko limene Ambuye Yesu adapondamo

Tikamawerenga za Tiro ndi Sidoni mu Mthenga Wabwino, tikuwerenga za mizinda ya kumwera kwa Lebanon imene lero pamapu imalembedwa Tyre ndi Sidon, chigawo chomwe mabomba adagwa kwambiri mu 2024. Kumeneko ndi kumene mayi wa mtundu wina adagwada pamaso pa Ambuye Yesu kupemphera mwana wake wodwala, osabwerera m'mbuyo mpaka adalandira chimene ankafuna (Marko 7:24-30). Pafupi ndi Sidon, pamudzi wa Maghdouche, pali phanga limene akhristu a kumeneko amati Amayi Maria ankadikiriramo Mwana wawo akamalalikira m'mizindayo.

Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ku Lebanon ndi mkhristu, ndipo ambiri ndi Akatolika a mwambo wa Maronite, amene amamvera Apapa monga ife. Nkhondo itakula mu 2024, maparishi, masukulu ndi nyumba za asisteri zidatsekula makomo kwa othawa, amene ambiri adali Asilamu. Ku Beirut, ansembe a chipani cha Jesuit adalandira m'tchalitchi chawo cha Yosefe Woyera antchito ochokera ku Africa ndi ku Asia, ena mwa iwo amayi ogwira ntchito za pakhomo amene mabwana awo adawasiya pothawa.

Papa Leo XIV adayendera dzikoli kuyambira pa 30 Novembala mpaka pa 2 Disembala 2025. Adakapemphera pamanda a Charbel Woyera ku Annaya, ndipo tsiku lotsiriza adaima padoko la Beirut n'kupemphera mwakachetechete, kenaka n'kupereka moni kwa oferedwa amene adanyamula zithunzi za abale awo. Pamalo pamenepo sadalalikire. Aliyense amene adakhalako pa siwa akudziwa chifukwa chake.

Zimene zimatiletsa kulira

Tinene zoona: ambiri a ife nkhani zimenezi timazimva ndi mtima wouma. Pali maganizo anayi amene amamveka kawirikawiri m'minibasi, kuntchito ngakhale m'Miphakati mwathu, ndipo ndi bwino kuwayesa ndi chiphunzitso cha Mpingo.

Loyamba ndi lakuti Israele ndi mtundu wosankhidwa, choncho womvera chisoni Apalestina akulimbana ndi Mulungu. Mpingo umakhulupiriradi kuti Mulungu sadafafanize chipangano chake ndi Ayuda (Aroma 11), ndipo Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate cha 1965, udadzudzula chidani chilichonse pa iwo. Yesu, Maria ndi Atumwi adali Ayuda. Koma boma la Israel lokhazikitsidwa mu 1948 ndi boma monga ena onse, la nduna, asilikali ndi zisankho, ndipo nzika zake zambiri zimalitsutsa poyera. Ngakhale m'Chipangano Chakale kusankhidwa sikudali chilolezo chochita zilizonse. Natani adadzudzula Davide pa imfa ya Uriya, ndipo Eliya adadzudzula Ahabu pa munda wa Naboti. Tisaganizenso kuti Apalestina a lero ndi Afilisti a nthawi ya Goliyati. Pakati pawo pali akhristu a ku Betelehemu ndi ku Yerusalemu amene makolo awo adasunga chikhulupiriro m'dzikomo zaka mazana ambiri chisanafike kuno. Likulu la Mpingo ku Vatican lidasayina pangano ndi Israel mu 1993 ndiponso ndi Palestine mu 2015, ndipo limaphunzitsa kuti mitundu yonse iwiri ili ndi ufulu wokhala ndi dziko lake mwamtendere.

Lachiwiri ndi lakuti ofawo ambiri ndi Asilamu, si anzathu. Nanga m'dera lathu muno Msilamu woyandikana naye nyumba akaferedwa, timakhala pakhomo? Timapita, ndipo iwonso amabwera kwathu. Munthu aliyense adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu (Genesis 1:27), ndipo m'fanizo la Msamariya wachifundo Ambuye adasankha dala munthu wa chipembedzo china kuti atiphunzitse tanthauzo la mnansi. Tayamba ndi nkhani ya parishi chifukwa njosavuta kuimva, koma mayi wachisilamu woika mwana wake m'manda akumva kuwawa komweko.

Lachitatu ndi lakuti a Hamas ndiwo adayamba, choncho akolole zimene adafesa. Mpingo udadzudzula mosabisa kupha ndi kugwira anthu kwa pa 7 Okutobala, ndipo umavomereza kuti dziko lili ndi ufulu wodziteteza. Koma Katekisimu wa Mpingo, pa nambala 2314, amaphunzitsa kuti kuononga mizinda yathunthu pamodzi ndi anthu ake mosasankha ndi mlandu waukulu pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Mneneri Ezekiele, m'mutu 18, akuti mwana sasenza tchimo la bambo wake. Khanda lobadwa mu 2024 silidasankhe Hamas kapena Hezbollah. Anthu atauza Yesu za Agalileya ophedwa ndi Pilato, Iye adawakumbutsanso za anthu 18 amene nsanja idawagwera ku Silowamu, nakana kuti ofawo adali ochimwa kuposa ena (Luka 13:1-5). Funso adalibweza kwa omverawo kuti adziyese okha.

Lachinayi ndi lakuti ife tili ndi mavuto athu. Zoonadi, mitengo ya zinthu ikukwera, ntchito zikusowa, ndipo maliro athu omwe akutilemera. Koma tikumbukire mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'maboma a kumwera, ndipo dziko lidakhala masiku 14 likulira. Papa Francis adatchula Malawi pamaso pa dziko lonse ku Rome, ndipo anthu amene sadafikeko kuno adatipempherera ndi kutithandiza. Akuluakulu akukumbukiranso kuti pa nkhondo ya ku Mozambique dziko lathu losaukali lidasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi kwina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo kutaliko si kutali kwenikweni: kuyambira mu Novembala 2023 achinyamata athu mazanamazana adapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo makolo awo amagona ndi nkhawa bomba likamveka kumeneko.

Zimene Malembo akutiphunzitsa za kulira

Abwenzi atatu a Yobe atamva za tsoka lake, adanyamuka m'maiko awo, nakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri usana ndi usiku osalankhula kanthu (Yobe 2:11-13). Mpaka pamenepo adachita bwino. Adalakwa atayamba kufotokoza chifukwa chimene Yobe ankavutikira ndi kumufunira tchimo, ndipo pamapeto a bukulo Mulungu adawakalipira. Ife timakonda kudumpha masiku asanu ndi awiriwo n'kuyambira pa mtsutso.

Pa 2 Samuele 21 timawerenga za Rizipa, mayi amene ana ake awiri adaphedwa chifukwa cha mlandu wa Saulo, umene iwo sadapalamule. Iye adayala chiguduli pathanthwe, n'kumaingitsa mbalame masana ndi zilombo usiku kuti zisadye mitembo, kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula idagwa. Sadali ndi mphamvu ina koma kukana kuchoka. Davide atamva, adalamula kuti mafupawo aikidwe mwaulemu. Kulira kwa mayi mmodzi kudasuntha mfumu. Tobiti naye ankaika maliro a anthu otayidwa pamtetete, ngakhale zimenezi zidaika moyo wake pachiswe, ndipo mpaka lero Mpingo umawerenga kuika maliro, kutonthoza achisoni ndi kupempherera amoyo ndi akufa pakati pa ntchito zachifundo.

Davide yemweyo adalira Saulo, munthu amene adamusaka zaka zambiri kuti amuphe (2 Samuele 1). Apa tikuphunzira kuti kulira munthu sikutanthauza kuvomereza zonse za iye kapena za atsogoleri ake. Ambuye Yesu adalira pamanda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa (Yohane 11), ndipo adaliranso ataona mzinda wa Yerusalemu, poganizira nkhondo imene idzaugwere ndi ana ake (Luka 19:41-44). Chikhulupiriro cha kuuka kwa akufa sichiumitsa misozi. Chimatipatsa mphamvu yolira osataya mtima.

Paulo Woyera akumanga zonsezi pamodzi. Pa Aroma 12:15 akutiuza kuti chisoni cha mnzathu tichitenge ngati chathu, ndipo pa 1 Akorinto 12:26 akutikumbutsa kuti m'thupi limodzi kuwawa kwa chiwalo chimodzi kumafika kwa ziwalo zonse. Ukaristia umene tilandire lero ndi womwewo umene akulandira akhristu a Banja Loyera ku Gaza ndi a m'midzi ya kumwera kwa Lebanon. Chala chikapsa thupi osamva, ndiye kuti thupilo likudwala.

Tingakhuze bwanji maliro a kutali chonchi?

Mwambo wathu wa maliro ungatitsogolere. Choyamba, timafika. Sitingakwere ndege, koma tingathe kumvetsera nkhani zoona kuchokera ku wailesi ndi manyuzi odalirika, kuphatikizapo a Mpingo, m'malo mongodalira timauthenga ta pa WhatsApp tosadziwika mwini wake. Mphakati uliwonse ungasankhe munthu mmodzi woti kamodzi pamwezi azifotokozera anzake m'mene zinthu zilili kumeneko.

Chachiwiri, timakhala pansi n'kukhala chete. Pamsonkhano wa Mphakati kapena panyumba musanagone, yatsani kandulo n'kukhala chete mphindi zisanu. Kenaka tchulani malo mmodzimmodzi: Gaza, Betelehemu, Beirut, Tyre, midzi ya ku Israel imene idaferedwa pa 7 Okutobala. Ana amve mainawa m'pemphero asanawamve pa mtsutso.

Chachitatu, timapemphera ndi kudzimana. Apapa akhala akuitana Mpingo wonse kuchita zimenezi: Papa Francis pa 27 Okutobala 2023 ndi pa 7 Okutobala 2024, ndipo Papa Leo XIV pa 22 Ogasiti 2025. Banja lingasankhe Lachisanu limodzi pamwezi. Mungathenso kupereka Misa yopempherera onse ofa pa nkhondoyi, makamaka amene alibe wowaika m'manda, monga timachitira ndi abale athu.

Chachinayi, timapereka chipepeso. Chopereka cha pa Lachisanu Loyera chimapita ku Dziko Loyera chaka ndi chaka, kukathandiza maparishi, masukulu ndi ntchito zachifundo za kumeneko, ndipo gawo lina limafika ku Lebanon. Ambiri timaponyamo zotsala m'thumba osadziwa kumene zikupita. Chaka chino tikonzekere. Pamaliro palibe amanyoza chipepeso chochepa. Papa Francis asanamwalire adapereka galimoto imene adayendera ku Betelehemu mu 2014 kuti bungwe la Caritas Jerusalem liisandutse kachipatala ka ana a ku Gaza. Aliyense apereke chimene ali nacho.

Chachisanu, timasamala pakamwa. Pa siwa palibe amaseka kapena kuvundukula mtembo kuti odutsa aone. Tisatumizirane zithunzi za mitembo ya ana pa foni ngati zosangalatsa, ndipo tisalembe pa Facebook mawu okondwerera imfa ya Myuda, ya Mpalestina kapena ya munthu wa ku Lebanon. Chisoni chathu chikasanduka chidani pa Ayuda kapena pa Asilamu, tidziwe kuti tachoka pa maliro, talowa nawo nkhondo.

Chomaliza, timabwereranso. Woferedwa amasowa anthu kwambiri pamene tenti yachotsedwa ndipo aliyense wabwerera kwawo. Atolankhani akasamukira ku nkhani zina, amasiye ndi olumala a ku Gaza ndi ku Lebanon adzakhala alipobe kwa zaka zambiri. M'mwezi wa Novembala, pamene timakumbukira akufa, ndiponso pa Khirisimasi, pamene timaimba za Betelehemu, tiziwatchula. Mu 2023 akhristu a ku Betelehemu adasiya zikondwerero za m'misewu chifukwa cha maliro a ku Gaza, ndipo m'tchalitchi cha Lutheran cha mumzindawo adagoneka chifanizo cha mwana Yesu pakati pa zidutswa za nyumba yogumuka. Tikamakonza khola la Khirisimasi m'tchalitchi mwathu, tikumbukire kuti Betelehemu ndi mzinda weniweni, wa anthu amoyo.

Chisoni chotere chimatsekulanso maso ku maliro ena amene tidawazolowera, a ku Sudan, a kum'mawa kwa Congo, a ku Cabo Delgado, ndi a othawa kwawo amene tili nawo pafupi ku Dzaleka. Mtima umene waphunzira kulira anthu a ku Gaza sungadutse amenewa osaima.

Mafunso okambirana mu Mphakati

1. Werengani Yobe 2:11-13. Kodi mudaferedwapo n'kutonthozedwa ndi munthu amene sadalankhule kanthu? Zidakuthandizani bwanji?

2. Mwa maganizo anayi aja otiletsa kulira, ndi liti limene limamveka kwambiri pakati pathu? Tingaliyankhe bwanji mwaulemu?

3. Kodi pali anthu amene imfa yawo siitikhudza chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena chipani chawo? Kuno kwathu ndi ati?

4. Mwa njira zisanu ndi imodzi zokhuzira maliro, Mphakati wathu uyamba ndi iti mwezi uno, ndipo atsogolere ndani?

Pemphero

Atate a chifundo, Inu mudziwa dzina la aliyense amene wafa ku Gaza, ku Lebanon ndi ku Israel, ngakhale amene palibe adawaika m'manda. Alandireni kwanu. Khalani pafupi ndi amayi amene manja awo ali opanda ana, ndi ana amene alibe wowaitana kuti adye. Limbitsani akhristu a parishi ya Banja Loyera ndi onse amene atsekula makomo awo kwa othawa nkhondo. Tembenuzani mitima ya atsogoleri ndi ya onyamula zida. Ifenso tichotsereni mtima wosankha maliro, kuti tilire ndi onse amene Mwana wanu adawafera. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Amayi Maria, Mfumukazi ya Mtendere, mutipempherere.